Zigamba Zikupsa pa Dzala Pamene Ana Akugona ndi Chisanu

Lero ndabwera ndi nkhani ya singano ndi ulusi. Abambo musafulumire kutembenuza tsamba poganiza kuti ndi nkhani ya amayi, pakuti mlanduwu ukukukhudzani inunso.

Tsiku la msika lapitali ndinali pa Chidzolomondo. Ndinafika m'mamawa nkhungu isanachoke, aliyense manja ali m'khwapa. Kuseri kwa sitolo ina ndinaona utsi, ndipo nditayandikira kuti ndiothe nawo, ndinapeza mnyamata wa telala akutentha zidutswa za nsalu zimene anasesa pakhonde sabata yonse. Munali zidutswa za kapulana, za khaki ndi za yunifolomu ya sukulu, zina zazikulu kuposa chikhatho changa. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, izi mukutentheranji?" Iye anandiyang'ana modabwa n'kuyankha kuti, "Nanga titani nazo? Ndi zinyalalatu izi." Pamoto womwewo panali ana atatu akuotha, mmodzi atavala malaya ong'ambika kuchokera paphewa mpaka m'chiuno. Ndinachokapo mtima ukundiwawa, chifukwa chimene chinkapsa pa dzala paja chinali chofunda cha mmodzi wa ana amenewo.

Ndikuuzeni chifukwa chake ndikutero. Ine ndinabadwira ku Malawi, m'boma la Dedza, kumene makolo anga anathawira nkhondo monga anachitira anthu ambiri a kuno. Pofika chaka cha 1992, anthu a ku Mozambique othawira m'dziko la Malawi anali opitirira miliyoni imodzi. A Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama atasainirana mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992, mabanja anayamba kubwerera kumabwinja awo, ndipo ifenso tinabwerera ine ndili kamwana. Katundu amene mayi anasenza anali wochepa zedi: poto, khasu, ndi chofunda chimodzi chimene anasoka ndi manja awo ali kuchilendoko.

Chofundacho chinali cha zigamba zokhazokha. Munali mwendo wa buluku la bambo, munali deresi la mlongo wanga, munali kapulana amene mayi anathawa atavala. M'kati mwake anaikamo gombeza lotheratu limene wina akanalitaya. Luso limeneli anawaphunzitsa mayi wina wa kutchalitchi, pansi pa mtengo, opanda makina, opanda malipiro. Ana anayi tinakulira m'chofunda chimenecho, ndipo mpaka lero chilipo.

Koma apa ndiye pali manyazi anga. Ndili m'kalasi lachisanu mayi anandipatsa singano kuti ndiphunzire, ine n'kukana kuti mwamuna sasoka. Mlongo wanga anakananso, akuti zovala zadzaza pamsika, kusoka n'kwa anthu akale. Lero maso a mayi ayamba kuchita chidima, ulusi sauonanso pa singano, ndipo pa ana awo onse palibe amene angathe kusoka chofunda chonga chija. Ine munthu wamkulu, wolankhula pawailesi m'zinenero ziwiri, batani likathothoka ndimayenda nalo m'thumba kufunafuna telala. Ndikudziwa kuti si banja lathu lokha. M'midzi mwathumu muli amayi ndi abambo achikulire amene anaphunzira kusoka kumishoni kapena kothawa nkhondo, ndipo akupita kumanda mmodzimmodzi ndi luso lawo lonse.

Amene amati kusoka n'kwa akazi ayambe ayang'ana m'makonde a masitolo ku Furancungo, ku Ulongwe kapena pa Lizulu, awerenge kuti amene akupalasa makina ndani. Ambiri ndi amuna. Ndipo kale, nsalu za m'sitolo zisanachuluke, makolo athu ankasula nyanda kuchokera ku makungwa a mitengo, pamene m'chigwa cha Zambezi anthu ankalima thonje n'kumaomba nsalu yotchedwa machira, imene inkayenda mtunda wautali pamalonda. Kudziveka tokha si chinthu chachilendo kwa ife. Tinangochitaya.

Chinatitayitsa n'chodziwika. M'zaka za m'ma 1980, nthawi ya nkhondo ndi chilala, zovala zakale zochokera kunja zinkabwera ngati thandizo kwa ovutika, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero timazitcha kalamidade, anzathu a ku Malawi n'kumati kaunjika. Pambuyo pake zinasanduka malonda. Mafakitale a nsalu sanathe kupikisana nazo. Fakitale yaikulu ya Textáfrica ya ku Chimoio inaima kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo ku Malawi kampani ya David Whitehead ya ku Blantyre inavutika mpaka boma linaigulitsa mu 2003. Sindikunyoza kaunjika ayi, malaya amene ndavala polemba nkhaniyi ndi a pamulu pomwepo. Koma kaunjika anatiphunzitsa khalidwe loipa lakuti chovala chikang'ambika n'chotaya. Komanso tisaiwale kuti zovalazo zinasokedwera anthu a matupi ena. Buluku limatalika, deresi limakhwepa, zipi amafa. Zonsezi zimafuna munthu wodziwa singano.

Mwezi wa Febuluwale sukulu zitangotsegulidwa, mayi wina anaimba foni pa pologalamu yathu akudandaula. Mwana wawo wamkazi anakhala pakhomo masabata awiri chifukwa siketi ya yunifolomu inang'ambika kumbuyo, telala wa pafupi anali ndi mulu wa mayunifolomu a mudzi wonse, ndipo mtsikanayo sakanatha kupita pakati pa anyamata ali choncho. Masabata awiri a maphunziro anatayika kaamba ka msoko wa mphindi makumi awiri. Lamulo la maphunziro la 2018 likuti mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9, ndipo lamulo la 2019 likuletsa kukwatiwitsa mwana wosafika zaka 18. Malamulowa ndi abwino. Koma mtsikana akajomba kawirikawiri chifukwa cha siketi, kapena chifukwa chosowa nsalu zodzisamalira nazo akakhala kumwezi, amayamba kutsalira m'kalasi, kenako amagwa ulesi, ndipo zotsatira zake tonse tikuzidziwa. Nsalu zodzisamalirazo munthu angathe kusoka yekha, zochapa n'kugwiritsanso ntchito, akangodziwa misoko iwiri kapena itatu.

Tsono pempho langa ndi ili: tiyambitse makalasi a kusoka m'midzi mwathu, a achinyamata ndi akulu omwe, amuna ndi akazi, ndipo tiyambe chaka chino osadikira galimoto ya bungwe. Ena muti tiyamba ndi chiyani. Tiyeni tiwerenge zimene zili kale m'manja mwathu.

Aphunzitsi alipo. Ndi agogo aja ndatchula, ndiponso atelala a m'makonde. Makina alipo. Ndani sadziwa nyumba imene bambo anagula makina a Singer kapena a Butterfly chaka chimene fodya anayenda bwino, lero makinawo anavundikiridwa nsalu ndipo asanduka tebulo loikapo wailesi? Nsalu zophunzirira zilipo, ndi zomwe zija zikupsa pa dzala, kuphatikizapo zovala zotha zimene zadzaza m'madengu mwathu. Malo alipo, chipinda cha sukulu chimakhala chotseka Loweruka masana, ndipo matchalitchi ambiri sangakane. Nthawi nayo ilipo. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti chimanga chimakhala chili m'nkhokwe, fodya akupita kumsika, nazale sizinayambe. Miyezi imeneyi ndi imene anyamata athu amathera pa bawo ndi pa kachasu, ndiponso ndi imene chisanu chimavuta kwambiri kumtunda kuno.

Kalasi iyambe ndi singano ya manja, makina abwere pambuyo. Singano, ulusi, lumo lakuthwa ndi choko n'zokwanira mwezi woyamba. Wophunzira adziwe misoko itatu. Woyamba ndi wolowa ndi kutuluka molunjika, wogwirizira nsalu ziwiri. Wachiwiri ndi wobwerera m'mbuyo, pamene singano imabwerera pomwe ulusi unathera isanapite patsogolo, ndipo umenewu ndi wolimba pafupifupi ngati wa makina. Wachitatu ndi wopendera m'mphepete kuti nsalu isamasosoke. Aliyense abwere ndi chovala chong'ambika cha kunyumba kwake, asoke batani, aphatike chigamba pabondo, abwerere nacho chili chovalika. Munthu akaona phindu tsiku loyamba lomwelo, Loweruka linalo sajomba.

Akadziwa misoko imeneyi ayambe chofunda cha zigamba, pakuti ndiye mphunzitsi wabwino koposa. Chimaphunzitsa kuyeza, kudula molunjika, kusiya malo a msoko ndi kudekha, ndipo ukalakwitsa wataya kachidutswa kamodzi, osati nsalu yodula ya munthu. Kasokedwe kake ndi aka, monga mayi anandifotokozera ndipo ndalemba m'kope langa.

Chofunda chimakhala ndi nsalu zitatu zosanjikizana. Pamwamba ndi zigamba zolumikiza. Pakati ndi chofunditsa, monga gombeza lakale kapena majuzi otha otambasulidwa bwino. Pansi ndi nsalu yathunthu, monga makapulana olumikiza. Choyamba chapani zidutswa zonse ndi kuzisita, chifukwa nsalu yatsopano imafupika ikalowa m'madzi ndipo ina imasuluka n'kudetsa zinzake. Musasakanize nsalu yotamuka, yonga ya masikipa, ndi nsalu ya thonje, chifukwa chofundacho chidzapindika. Dulani katoni wa mbali zinayi zofanana, masentimita 22 mbali iliyonse, akhale muyeso wanu, ndipo chidutswa chilichonse chidulidwe motsata katoniyo. Zidutswa zing'onozing'ono mungathe kuyamba mwazilumikiza mpaka zikwane muyesowo. Posoka siyani sentimita imodzi m'mbali monse, kotero chigamba chilichonse chidzatsala masentimita 20. Zigamba 8 zipanga mzere umodzi wa masentimita 160, ndipo mizere 10 ipanga kutalika kwa masentimita 200. Zonse pamodzi ndi zigamba 80, chofunda chokwana anthu awiri akulu kapena ana atatu.

Mwaona kukoma kwa chiwerengerochi? Kalasi ya anthu 10, aliyense asoke mzere umodzi kunyumba, Loweruka adzalumikize. Mukatero yalani nsalu zitatu zija pamphasa, ya pansi, ya pakati ndi ya pamwamba, muzigwirize ndi misoko italiitali kuyambira pakati kupita kunja kuti zisachite makwinya. Kenako sokani mizere yobowola zonse zitatu, motalikirana osapitirira chikhatho chimodzi. Mukatalikitsa kwambiri, cha m'katicho chidzaunjikana mbali imodzi pochapa. Pomaliza pindani nsalu ya pansi ibwere pamwamba m'mphepete monse, n'kupendera. Chofunda choyamba chipite kwa mmodzi, chachiwiri kwa wina, mpaka onse khumi atalandira, monga timachitira pa chipereganyu. Mutu umodzi susenza denga.

Wina asaganize kuti chofunda cha zigamba ndi chizindikiro cha umphawi. Ku Amereka, m'dera la Alabama, kuli kamudzi kotchedwa Gee's Bend, kozunguliridwa ndi mtsinje, kumene kumakhala anthu akuda, zidzukulu za akapolo olima thonje. Nyumba zawo zinali zozizira, ndipo amayi a kumeneko ankasoka zofunda ndi mabuluku otha a kumunda ndi matumba, ndendende monga anachitira mayi anga. Mu 1966 amayi a m'dera limenelo anayambitsa gulu logulitsira pamodzi zofunda lotchedwa Freedom Quilting Bee. Mu 2002 zofunda za ku Gee's Bend zinaonetsedwa m'nyumba zazikulu zoonetsera luso ku Houston ndi ku New York, ndipo mu 2006 zinajambulidwa pa masitampa a dzikolo. Sindikulonjeza kuti zathu zidzafika ku New York. Ndikungoti anthu amene anali ndi zochepa ngati ife sanatenthe zigamba zawo.

Wophunzira akamaliza mzere wake molunjika, pamenepo akhale pa makina. Sabata yoyamba apalase popanda ulusi, kutsata mizere yojambula papepala, mpaka phazi ndi manja zitamvana ndipo gudumu lasiya kubwerera m'mbuyo. Aphunzire kukulunga bobini, kuika singano moyenera ndi kuchepetsa kapena kukhwimitsa ulusi. Singano ya nambala 14 ndi ya kapulana ndi yunifolomu, ya 16 kapena 18 ndi ya jinzi ndi nsalu zokhuthala. Makina amafuna mafuta akeake. Chonde musathire mafuta ophikira, amauma n'kuchita phula, makina n'kugwira. Makina ambiri amene timati anafa sanafe, angofuna kupukuta, dontho la mafuta ndi lamba watsopano. Pambuyo pake aphunzire kuyeza munthu ndi tepi, kudula siketi, kabudula ndi malaya a sukulu, kuika zipi, ndiponso kuwerengera mtengo wa nsalu, ulusi ndi nthawi yake kuti asamasokere anthu mwaulere mosadziwa.

Za kugula makina atsopano musade nazo nkhawa msanga. Isaac Singer atapanga makina ake mu 1851, mabanja ambiri a ku Amereka komweko sankatha kuwagula, mpaka kampani yake inayamba kugulitsa molipira pang'onopang'ono mu 1856. Ifenso njira tili nayo. Gulu limene likusonkherana ndalama mwezi ndi mwezi lingathe kugula makina amodzi nyengo ya fodya kapena ya mbatatesi, ena chaka chotsatira. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Pali zinthu zimene zimapha magulu otere, ndipo ndi bwino tizinene poyera tisanayambe. Choyamba ndi ndalama. Ngati pali chopereka cha ulusi ndi singano, chikhale chochepa, chilembedwe m'kope, ndipo msungichuma aziwerenga pamaso pa onse Loweruka lililonse. Chachiwiri ndi makina obwereka. Akulu anati khasu lobwereka silichedwa kuthyoka, choncho mwini makina ndi gulu apangane pamaso pa amfumu kuti akaonongeka akonza ndani, ndipo mwiniyo apindulapo chiyani. Chachitatu ndi mphunzitsi. Gogo kapena telala wosiya ntchito yake masana onse asabwerere chimanjamanja. Ngati ndalama palibe, mbale ya nyemba, chitini cha mbatatesi kapena tsiku limodzi lomulimira ndi malipiro ndithu. Chachinayi ndi ana a sukulu. Kalasi ya kusoka isalande nthawi ya maphunziro, ikhale Loweruka kapena pa tchuthi, ndipo ikhale pamalo oonekera, ithe dzuwa lisanalowe kuti atsikana afike kwawo kukuwala.

Kwa inu atelala, ndikudziwa mantha anu. Mukuti tikaphunzitsa anthu tidya chiyani. Koma taganizani za mwezi wa Januwale ndi wa Disembala, pamene mumagona pa makina, makasitomala akukutukwanani chifukwa cha malonjezo osakwaniritsa. Ntchito ya mabatani ndi zigamba imakudyerani nthawi koma ndalama yake ndi yochepa. Wophunzira wanu ndiye adzakuthandizani pa mulu wa mayunifolomu, inu n'kumasoka masuti ndi madiresi a ukwati. Ndipo ndalama zimene anthu a kuno amakasiya kutsidya kwa malire posoketsa zovala zidzatsala m'mudzi mwathu.

Kwa inu abambo amene mumaletsa akazi anu kupita ku magulu, bwerani limodzi, mudzakhale pa benchi lomwelo. Chaka chimene matalala adzagwetsa fodya m'munda, kapena mtengo wa mbatatesi udzagwa pa Tsangano, makina a pakhonde ndi amene adzagula mchere ndi sopo. Kwa inu anyamata, luso la m'manja silifuna chiphaso pa malire, kulikonse kumene mungapite anthu amavala. Amene adzafune satifiketi angathe kudzapitiriza ku masukulu a ntchito zamanja a boma, monga a IFPELAC, koma adzapite akudziwa kale kugwira lumo. Ndipo kwa inu mafumu, akulu a mipingo ndi akulu a sukulu, chimene tikupempha ndi chipinda ndi mawu anu pamsonkhano basi.

Ine ndayamba kale kulipira ngongole yanga. Ndinabwerera kwa telala uja n'kumupempha kuti asatenthenso zidutswa, azindisungira m'thumba, ndipo anavomera mosavuta, akuti ndamuchotsera ntchito. Lamulungu lapitali ndinakhala pakhonde ndi mayi, ine ndikulowetsa ulusi pa singano, iwo akupapasa msoko wanga ndi chala. Anandimasulitsa katatu. Kachinayi anangoti, "Ukanayamba kale, bwenzi pano uli munthu." Zigamba zanga zafika 5, zatsala 75.

Tsono sabata ino chitani zinthu ziwiri. Ikani thumba pakona la nyumba, muziponyamo chidutswa chilichonse ndi chovala chilichonse chotha. Ndipo funsani m'mudzi mwanu kuti ndani wachikulire amene amadziwa kusoka, mukamuchezere asanatisiye. Mudzi umene udzayambitse kalasi utilembere kalata kudzera kwa mkonzi wa tsamba lino, utiuze tsiku ndi malo, ndipo ine ndidzalengeza pawailesi kuti oyandikana nanu amve. Mukadzamaliza chofunda choyamba mudzandiitane, ndidzabwera ndi singano yanga.

Tikumanenso sabata yamawa, Mulungu akalola. Fundani bwino, ndipo fundikani ana.